Nyimbo zimene chiswe chinadya

Tsiku limene tinakaika m'manda aphunzitsi athu a kwaya, kumudzi kwawo kufupi ndi phiri la Nkhoma, tinanyamuka ku Kawale kusanache, ndipo tili pa lole tinagwirizana kuti kumanda tikayimbe imodzi mwa nyimbo zimene iwo anapeka okha. Inali nyimbo imene aliyense wa ife ankati amaidziwa, popeza tinali titaiyimba pa maliro ambiri mu Lilongwe muno, ku Biwi, ku Chilinde, ku Area 23 ndi kwina konse kumene mpingo unkatituma. Vesi loyamba linayenda bwino. Titafika pa kolasi, a tena anagawikana pawiri, ena akukwera pamene anzawo akutsika, a besi anayamba kuyang'anana, ndipo munthu yekhayo amene akanatukula dzanja n'kutibwezera m'njira ndiye anali m'bokosi patsogolo pathupo. Tinaimaliza nyimboyo, koma pobwerera palibe amene anafuna kuikamba nkhaniyo, ndipo ine, amene mpingo unali utandiuza kale kuti nditenge udindo wawo, ndinafika kunyumba ndili ndi nkhawa ina pamwamba pa chisoni cha maliro.

Patapita milungu ingapo ndinapita kukaona mayi a kunyumba kwa malemuwo, ndipo nditapepesa ndinawapempha makope amene amuna awo ankalembamo nyimbo. Iwo analowa kuchipinda n'kutulutsa sutikesi yakale imene inkakhala pansi pa bedi. Titaitsegula tinapeza kuti chiswe chinalowa kalekale kudzera kunsi, moti mwa makope 9 awiri okha ndi amene ankawerengeka, enawo linali dothi lokhalokha lomatirira ku zikuto. "Mwananga, tengani zimene zatsalazo," anatero mayiwo, "zinazo zili m'kamwa mwa anzanu." Ntchito yonse imene ndikufuna kufotokoza pano inayambira pa mawu amenewo.

Malemuwo ankalemba mu solfa, monga amachitira aphunzitsi a makwaya ambiri m'dziko muno: zilembo d, r, m, f, s, l ndi t zimaimira kukwera kwa mawu, pamene madontho ndi timizere timasonyeza kutalika kwa notsi iliyonse. Kalembedwe kameneka kanachokera ku England, kumene Sarah Glover wa ku Norwich anakayambitsa pophunzitsa ana kuyimba, ndipo m'busa John Curwen anakakonzanso n'kukafalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Kuno kanafika ndi amishoni, amene anayamba kukhazikika m'dziko muno mu 1875. Solfa sindingainyoze, chifukwa imangofuna choko ndi bolodi, ndipo yaphunzitsa mibadwo ya oyimba amene sanaonepo piyano. Koma kope la solfa limakhala limodzi, limakhala chete, ndipo wokopera akaiwala kadontho kamodzi cholakwikacho chimayenda kuchoka m'kope kupita m'kope mpaka chimasanduka mwambo.

Amene anandionetsa njira ina ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ankakhala kwathu pa nthawiyo akuphunzira zamakompyuta. Atandiona usiku wina ndikulimbana ndi masamba obookabooka aja anati, "Malume, bwanji osazilemba pa kompyuta nyimbozi, kuti iziyimba yokha zimene mwalembazo, inu muzimva ngati mwalondola?" Ndinamuyankha kuti mapulogalamu otere amagulidwa ndi madola, komanso kuti sindinkafuna aja obedwa amene anyamata amawatcha a crack, amene adzaza m'makompyuta a masitudiyo ang'onoang'ono m'tauni muno ndipo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Mtima wanga sunkalola kuti nyimbo zotamanda Mulungu zilembedwe ndi chida chakuba. Iye anandiuza kuti pali pulogalamu yotchedwa MuseScore, imene munthu amaitenga mwaulere popanda kuphwanya lamulo lililonse, ndipo m'mawa mwake anabwera nayo pa fulashi.

Ambiri a ife timakayikira zaulere, ndipo nanenso ndinafunsa kuti msampha wake uli pati. Yankho lake lili pa kusiyana kwa ulere ndi ufulu. Pali mapulogalamu amene amapatsidwa mwaulere lero koma mwini wake angathe kuwatseka mawa, ndipo pali ena amene olemba ake anawamasula mwadala, n'kulemba m'chilolezo chake kuti aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito, kuwagawira anzake, kuona mmene anawalukira mkati ndi kuwasintha. Maganizo amenewa anawalimbikitsa kwambiri Richard Stallman, amene anayambitsa ntchito ya GNU, yopanga mapulogalamu aufulu, mu 1983, ndipo chilolezo chotchuka cha mtundu umenewu chimatchedwa GPL. MuseScore ili pansi pa chilolezo chimenechi. Anaiyambitsa ndi Werner Schweer wa ku Germany mu 2002, mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2011, wa 4 unatuluka mu December 2022, ndipo masiku ano imatchedwa MuseScore Studio. Choncho pamene mphwanga anandikoperera pa fulashi, ndiponso pamene ine ndinakoperera mnzanga wa kwaya ya ku Area 25, tinkachita chinthu chimene eni ake analoleza poyera.

Kufunika kwa ufulu umenewu ndinakumvetsa bwino mu August 2024, pamene kampani ya MakeMusic inalengeza kuti yasiya kukonza ndi kugulitsa Finale, pulogalamu yolembera nyimbo imene inatuluka koyamba mu 1988 ndipo inadaliridwa ndi akatswiri ambiri padziko lonse kwa zaka zoposa 35. Anthu amene anasungamo ntchito ya moyo wawo wonse anayenera kuyamba kusamutsa mafayilo awo kupita ku mtundu wotchedwa MusicXML, umene mapulogalamu osiyanasiyana amatha kuutsegula. Nditamva nkhaniyo ndinakumbukira sutikesi ija, chifukwa ndinaona kuti chiswe chili ndi mitundu yambiri. Pulogalamu yaufulu nayonso ingathe kusiyidwa ndi oikonza, koma mmene anailukira zimakhalabe poyera, ndipo wina aliyense wodziwa ntchitoyo angathe kuitola n'kupitiriza.

Kuphunzira kwake kunanditengera miyezi, makamaka chifukwa MuseScore imalemba pa mizere isanu, kalembedwe kamene ine ndinkangokaona m'mabuku a oyimba kiyibodi. Koma zala zinazolowera msanga kuposa maso. Ukadina N umayamba kulemba manotsi. Nambala zimasankha kutalika, 5 kukhala notsi ya kugunda kumodzi, 4 theka lake, 6 kugunda kuwiri, 7 kunayi. Ndipo zilembo za A mpaka G zimaika notsiyo pamalo pake. Njira imene inandithandiza kwambiri, ndipo ndimaipereka kwa aliyense wochokera ku solfa, ndi yolemba nyimbo iliyonse mu kiyi ya C poyamba, chifukwa mmenemo d ndi C, r ndi D, m ndi E, f ndi F, s ndi G, l ndi A, t ndi B, ndipo palibe chosokoneza mutu. Ukamaliza umauza pulogalamuyo kuti isamutsire nyimbo yonse mu kiyi imene kwaya imakwanitsa, kaya ndi F kapena G, ndipo mawu onse anayi amasamuka pa kamphindi, ntchito imene pamanja imadya madzulo athunthu. Usiku umene ndinamaliza nyimbo yoyamba ya m'makope awiri aja n'kudina batani lalitali la pa laputopu, lotchedwa Space, kuti iyimbe, ndinamva sopulano, aluto, tena ndi besi zikutuluka pamodzi m'kasipika ka laputopu monga mmene dzanja la malemu linazilembera, ndipo ndinaibwereza kambirimbiri mpaka akunyumba anadzuka kudzamvera nawo.

Nyimbo za m'makope zinali zosavuta. Ntchito yeniyeni inali ya zimene zinatsalira m'kamwa mwa anthu, ndipo apa ndi pamene panalowa pulogalamu ina yaufulu, Audacity, imene Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg anaiyambitsa ku Carnegie Mellon University ku America n'kuitulutsa mu 2000. Iyi silemba manotsi, ntchito yake ndi yokonza mawu ojambulidwa. Ndinayamba kuyendera amene anayimba ndi malemu zaka zambiri, ena anapuma kale m'kwaya, ndipo ndinkawajambula pa foni aliyense payekha akuyimba mbali yake. Ndikafika kunyumba ndinkaika mawuwo mu Audacity, kuchepetsa phokoso la mumsewu, kenako kuchedwetsa liwiro la nyimbo popanda kutsitsa mawu, kuti khutu langa ligwire notsi iliyonse. Ndinkamvera chidutswa chimodzi kakhumi, kuchilemba mu MuseScore, kuchiyimbitsa, n'kuyerekeza ndi mawu a munthu uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi nyimbo imodzi inkatha kunditengera milungu iwiri.

Pamenepa ndi pamene ndinalakwitsa cholakwa chimene chinandiphunzitsa kwambiri kuposa zonse. Panali nyimbo ina ya chiyamiko imene amayi amaiyimba akuwomba m'manja ndi kupondaponda, ndipo ine ndinailemba mu 4/4, ya kugunda kunayi kumene kulikonse kumagawika pawiri, chifukwa ndi muyeso umene pulogalamu imakupatsa ukangotsegula tsamba latsopano, komanso ndi umene nyimbo zambiri za m'buku la mpingo zimayendera. Kompyuta inaiyimba mosadandaula. Loweruka ndinapita nayo laputopu ku pulakatisi n'kuwayimbitsira onse, ndipo mayi wina wachikulire wa aluto anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Aphunzitsi, manotsiwo ndi omwewo, koma nyimboyi si ya abambo aja. Iyi ikuguba ngati asilikali, pamene ija inkavina." Anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja akuyimba, ndipo nditawerenga bwino ndinapeza kuti mkati mwa kugunda kulikonse kwa phazi munali tizigawo titatu, osati tiwiri, komanso kuti manja ankagunda katatu pamene phazi lagunda kawiri. Umenewu ndi mtima wa magule athu ambiri, ndipo pa mizere isanu umalembeka bwino mu 12/8. Nditailembanso motero, mayi aja anagwedeza mutu kuvomereza.

Choopsa chimene ndinachiona tsiku limenelo n'chakuti pepala losindikizidwa bwino limakhala ndi ulamuliro umene munthu woyimba pamtima alibe. Ndikanagawa mapepala a 4/4 aja, achinyamata akanakhulupirira pepala, ndipo patapita zaka zochepa akanamawauza amayi omwewo kuti akulakwitsa nyimbo imene anaiphunzira kuchokera pakamwa pa mwini wake. Ndikanakhala nditaipha nyimboyo ndi chida chomwecho chimene ndinatengera kuti ndiipulumutse. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo lakuti palibe nyimbo imene ndidzaisindikize isanamvedwe ndi amene anaiyimba kale, ndipo pamene kompyuta ndi khutu lawo zasiyana, chosintha ndi chimene chili mu kompyuta.

Kulemba mawu pansi pa manotsi kunandiphunzitsanso Chichewa changa chomwe. Mu MuseScore umasankha notsi, kudina Ctrl ndi L, kulemba phatikizo limodzi, kenako kamzere kamakupititsa pa notsi yotsatira, moti phatikizo lililonse liyenera kupeza notsi yake. Pamenepo umakakamizika kuyankha mafunso amene poyankhula sitidzifunsa. Mawu oti "mtima" ali ndi maphatikizo atatu, m-ti-ma, ndipo "mtendere" ali ndi anayi, chifukwa m woyambayo amaima payekha, pamene mu "Mbuye" m ndi b zimatuluka pamodzi ndipo maphatikizo ndi awiri okha. Ine ndinkameza m uja n'kumuphatika ku notsi yotsatira, koma mawu amene ndinajambula anaonetsa kuti malemu ankamupatsa kanotsi kakekake, kakafupi, kong'ung'udza milomo ili chitsekere, kugunda kusanafike. Ndi kanthu kakang'ono, koma kakachoka nyimbo imamveka ngati ya mlendo. Ndinaonanso kuti iwo ankakonda kuika notsi yaitali pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga -ko- mu "chikondi", mmene timakokera poyankhula, pamene machuni ambiri amene anabwera kuchokera ku Ulaya amagwetsera mphamvu pa phatikizo lomaliza, ndipo n'chifukwa chake mawu ena a nyimbo zomasuliridwa amamveka opindika ngakhale tinawazolowera.

Zimenezi zasintha mmene ndimapekera nyimbo zanga. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa mawu, monga mmene "mtengo" wa m'nkhalango umasiyanirana ndi "mtengo" wa pamsika, ndipo chuni ikatsika pamene chiyankhulo chimakwera, khutu la womvera limapunthwa. Ndiye sindiyambira pa kompyuta. Ndimayamba n'kuwayankhula mawuwo mokweza, kangapo, ndikuyenda kuchokera pa siteji ya minibasi kupita kunyumba, mpaka chuni itulukire m'kayankhulidwe komweko. Ndimaijambula pa foni. Ndipo pokhapokha itakhazikika ndi pamene ndimatsegula laputopu. Kumeneko phindu lake ndi lalikulu pa kuluka mawu anayi, chifukwa ndingathe kuyesa besi m'njira zitatu zosiyana pakati pa usiku popanda kudzutsa munthu, kumva pamene aluto ndi tena akuwombana, ndi kuona ngati sindinawakwezere a sopulano pamene sangafike. Mabuku a ku Ulaya ophunzitsa kuluka mawu amaletsa kuti mawu awiri otalikirana masitepe asanu azikwera ndi kutsika limodzi, koma mayimbidwe athu amakonda kuti mawu aziyendera limodzi, ndipo pulogalamuyi sikudzudzula ukatero. Imalemba chimene waiuza.

Anthu a m'kwaya yathu ambiri sawerenga mizere isanu, ndipo sindinafune kuwalanda solfa yawo. MuseScore ili ndi njira yosinthira mitu ya manotsi kuti mkati mwa mutu uliwonse muoneke dzina lake la solfa, koma pa fotokope tizilemboto timachepa kwambiri kwa maso a achikulire, choncho ine ndimalemba zilembo za solfa ngati mzere wina wa mawu pansi pa manotsi. Chimene chathandiza koposa ndi mawu omvera. Pulogalamuyi imalola kutseka mawu ena n'kusiya amodzi, ndiye ndimatulutsa MP3 ya sopulano payokha, ya aluto payokha, ya tena ndi ya besi, n'kuzitumiza pa gulu lathu la WhatsApp Lolemba. Mayi wogulitsa pamsika wa Kawale amamvera mbali yake akudikira makasitomala, mnyamata wogwira ntchito ku Kanengo amamvera ali m'minibasi, ndipo Loweruka nthawi imene kale inkathera pa kubwereza manotsi timaithera pa kapumidwe, katchulidwe ka mawu ndi kumverana.

Pali mapulogalamu ena aufulu amene ndinawayesa. LilyPond, imene Han-Wen Nienhuys ndi Jan Nieuwenhuizen a ku Netherlands anaiyamba mu 1996, imafuna kuti nyimbo uilembe ngati kalata ya zilembo ndi nambala, kenako imaisandutsa pepala lokongola kwambiri. Ndimailemekeza, koma kwa mphunzitsi wa kwaya wofuna kuona ndi kumva nthawi yomweyo ndi njira yozungulira. Achinyamata athu okonda mabiti ndinawalozera LMMS ndi Hydrogen, yachiwiriyi ndi ya ng'oma zokhazokha, kuti adziwe kuti angathe kuyamba popanda kuba.

Zilipo zimene palibe pulogalamu mwa amenewa imene yandilembera mokhutiritsa. Woyambitsa nyimbo akamatsetsereka kuchoka pa notsi ina kupita pa ina, akamalowa ovomera asanamalize, kapena nthungululu ikalira pakati pa kolasi, mizere isanu imangogwira chithunzithunzi chake. Komanso kompyuta imayimba motsata piyano, imene imagawa mtunda wa pakati pa d wapansi ndi d wapamwamba m'masitepe 12 ofanana, pamene bangwe, kalimba kapena ulimba amazichuna motsata khutu la mwini ndi la kwawo. N'chifukwa chake pa nyimbo iliyonse ndimasunga pepala pamodzi ndi mawu a munthu amene anandiyimbira, mu foda imodzi, kuti wodzabwera pambuyo panga adzakhale ndi zonse ziwiri.

Kwa amene angafune kuyamba, pali zinthu zingapo zimene ndinaziphunzira movutikira. Laputopu yanga ndi yakale, yogula kwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito ku Old Town, ndipo MuseScore 4 imailemera, choncho ndimagwiritsa ntchito 3.6, ya mu 2021, imene imayenda bwino pa makina ofooka ndipo sifuna intaneti ukangoiika. Pulogalamuyo imapezeka pa musescore.org, pamene musescore.com ndi malo ogawanirana nyimbo amene zina zake ndi zolipira, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumapulumutsa bandulo ndi ndalama. Batire la laputopu yanga linafa, moti magetsi akathima zonse zimathima nthawi yomweyo, ndipo ndinazolowera kudina Ctrl ndi S ndikangomaliza mzere uliwonse. Nyimbo ikatha ndimaisunga m'mitundu itatu, fayilo ya MuseScore, MusicXML ndi PDF, ndipo ndimaiika pa mafulashi awiri, imodzi kwathu, ina kwa mlembi wa kwaya, kuwonjezera pa mapepala osindikiza.

Kumasuka kwa pulogalamu sikutanthauza kuti nyimbo zolembedwamo zilibe mwini. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso, lili ndi bungwe la COSOMA limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo ngakhale pakanapanda zimenezi ulemu wokha ukanatiuza chochita. Pamwamba pa tsamba lililonse ndimalemba dzina la malemu monga wopeka, langa limabwera pansi monga wongolemba, ndipo ndisanapereke nyimbo zawo kwa kwaya ina ndimayamba ndapempha kubanja. Nditamaliza nyimbo 14 zoyamba ndinakazisindikiza n'kuzimanga ngati kabuku, ndipo kope loyamba ndinakapereka kwa mayi a kunyumba kwa malemu aja. Iwo sawerenga manotsi, koma anayendetsa chala pa dzina la amuna awo tsamba ndi tsamba, kenako anandipempha kuti ndiwayimbitsire pa foni ija tinayimba kumanda.

Ya kumandayo ndi imene inandivuta kuposa zonse, chifukwa a tena amene ndinawajambula anayimbabe kolasi m'njira ziwiri, ndipo mbali iliyonse inali yotsimikiza kuti ndi mmene anaphunzitsidwira. Nditafunsitsa ndinapeza kuti onse ankanena zoona: amene analowa kwaya kale anaphunzira njira yokwera, ndipo malemu anadzaisintha okha pambuyo pake, pa nthawi imene kwaya inalibe a tena ofika pamwamba, koma akalewo sanaisiye. Sindinadzione woyenera kusankha pakati pa ziwirizo, ndipo popeza MuseScore imalola mawu angapo pa mzere umodzi, ndinalemba zonse, yakale michira ya manotsi italoza kumwamba, yatsopano italoza pansi, ndi mawu ochepa ofotokoza m'munsi mwa tsamba. Kwaya inagwirizana kuti tiziyimba yotsikayo m'mavesi oyamba, yokwerayo pa kolasi yomaliza.

Pa mndandanda umene tinalemba pokumbutsana mitu ya nyimbo za malemu patsala 11, ndipo zitatu mwa izo besi yake akuikumbukira ndi bambo mmodzi yekha, amene anasamukira kwa mwana wawo ku Chinsapo ndipo masiku ano mpweya umawathera msanga. Tinapangana kuti ndikawapeze Loweruka likubwerali m'mawa, dzuwa lisanatenthe, ndipo ndidzawajambula vesi limodzi limodzi, akupuma pakati.